Belu ndi Pakamwa, Buleki ndi Chidendene

Amene anasankha malo omangapo mzinda wa Blantyre sankaganizako za njinga. Amishoni a ku Scotland aja atafika mu 1876 ankafuna pamalo pozizira, pa madzi abwino, kutali ndi kutentha kwa kuchigwa cha Shire, ndiye anakhazikika pakati pa mapiri: Ndirande uku, Soche uko, Michiru uko. Nkhuyu anadya ndi iwo, koma zikupota ife. Muno mulibe msewu wogona chogona ngati wa ku Nchalo. Ukapanda kukwera, ndiye kuti ukutsetsereka.

Pachitunda, mwini njinga ndi munthu wofatsa zedi. Amatsika, n'kumakankha pang'onopang'ono, thukuta kamukamu, moni kupereka kwa aliyense ngakhale kwa galu. Mukafuna kudziwa mtima wake weniweni, kamudikireni kumtsetse.

Sabata yatha ndinkayenda ndekha pa mtsetse wina ku Ndirande, kajumbo ka tomato ndi bonya kali m'manja, nditamva kumbuyo kwanga, "Tsii! Tsii! Kulibe! Kulibe!" Ndinacheuka kuti ndifunse chimene kulibecho. Yankho linandidutsa pamphuno ngati mphepo ya Chiperoni: "Mabuleki kulibeee!" Mnyamatayo anali atakanikiza chidendene pa tayala la kumbuyo, silipasi ikufuka utsi. Anakaimira pa mulu wa mchenga wa munthu wina womanga nyumba, miyendo m'mwamba, tayala la kutsogolo likuzungulirabe lokha.

Nditamudzutsa ndinamufunsa, "Achimwene, ngakhale belu mulibe?"

"Belu ndinagulitsa, madala, kuti ndigule mabuleki."

"Nanga mabulekiwo ali kuti?"

"Ndalamayo inathera pa chubu."

Anasasa mchenga m'makutu, n'kuyang'ana silipasi ija mwachisoni. Akuti inali yachitatu mwezi womwewo, ndipo zonse zimatha ya kumanja yokha. Kunyumba kwake kuli mulu wa masilipasi a kumanzere, atsopanotsopano, akungodikira mwini wake.

* * *

Pamsewu wa Chipembere, umene umalumikiza Blantyre ndi Limbe, pali ufumu wake wosalembedwa m'buku lililonse. Matauni awiriwa anawaphatikiza kukhala amodzi mu 1956, koma anthu oyenda pakati pawo sanagwirizanebe mpaka lero. Ndinaima pa Ginnery Corner tsiku lina masana n'kuona mwambo wonse ukuchitika motsatana bwino. Chilole chinaliza hutala, minibasi n'kukhotera kumanzere kondakitala akutukwana. Minibasi ija inafinya wa njinga yamoto, iye n'kulozera chala kumutu kusonyeza kuti dalaivala ndi wamisala. Wa njinga yamoto anafinya wa njinga yakapalasa. Wakapalasa, posowa kolowera, anakwera m'njira ya oyenda pansi n'kukalipira mayi wina wosenza beseni la nthochi: "Masteni, maso muli nawo?" Mayi uja anayang'ana uku ndi uku kusaka wochepa kuposa iye, n'kupeza mwana wake yemwe: "Iwenso uziyenda bwino!" Mwanayo anakankha kabotolo kopanda kanthu ndi phazi. Botolo lokha ndi limene linasowa womukalipira.

Chodabwitsa n'chakuti aliyense mwa anthu amenewa akafika kunyumba madzulo amafotokoza nkhani imodzimodzi: "Lero ndikanafa, anthu a mu Blantyre satha kuyenda pamsewu." Anyani kusekana zikundu.

* * *

Wanjinga wa m'tauni muno ndi mleme. Mbalame zikamasonkha msonkho amaonetsa mano n'kunena kuti iye ndi mbewa. Mbewa zikamasonkha, amatambasula mapiko. Maloboti akayaka ofiira, iye ndi munthu woyenda pansi, amakwera pakhonde n'kudutsa pakati pa anthu. Pa zebula, pamene oyenda pansi akuwoloka, iye ndi galimoto, ndipo ndi galimoto ya bwana yothamangira kumsonkhano.

Wapolisi wina anamugwira mmodzi m'tauni atadutsa loboti yofiira ngati kuti ndi nyali ya pa Khirisimasi.

"Bambo, simunaone kuti yafiira?"

"Ndinaona, bwana."

"Nanga bwanji simunaime?"

"Amaima ndi amene ali ndi injini. Ineyo ndikaima, wodzandiliza ndani? Phala ndamwa m'mawa latha kale."

"Kodi inuyo pamsewu pano ndinu galimoto kapena munthu?"

Mkuluyo anaganiza kaye, ngati wofunsidwa funso la mayeso a Fomu 4. "Zimatengera, bwana."

Wina ndinakumana naye maso ndi maso chakufupi ndi Clock Tower, akupalasa kudzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto onse a m'Malawi muno, dziko limene aliyense amadziwa kuti timayenda kumanzere. Ndinamukumbutsa kuti malangizo oyang'anana ndi magalimoto aja ndi a ife oyenda pansi. Iye osatekeseka: "Ankolo, imfa ndimafuna ndiziiona ikubwera. Isamandizembere kumbuyo ngati mfiti."

* * *

Koma mafumu enieni a njinga ndi a makala. Awa ndimawavulira chipewa, ngakhale ndimachivula nditaima patali. Amalowa m'tauni mbandakucha kudzera msewu wa Zalewa, kudutsa pa Lunzu, pa Kameza, kutsikira ku Chirimba, ena atachokera kutali kumapiri a ku Neno ndi Mwanza. Njinga yawo si njinga wamba. Kaliyala anawotcherera zitsulo za nyumba, masipoko ndi ochindikala ngati misomali, ndipo matumba atatu kapena anayi amamangidwa mopingasa, lililonse lili ndi chisoti chake cholukidwa pamwamba kuti makala achuluke. Ukaiona kumbuyo sungadziwe kuti pali munthu. Umangoona phiri lakuda likuyenda lokha, m'lifupi mwake kuposa galimoto ya Sienta.

Munthu ameneyu sangacheuke, sangatulutse mkono kusonyeza kumene akukhotera, chifukwa akangosiya handulo ndi dzanja limodzi nkhani yathera pomwepo. Amakhota mwa chikhulupiriro.

Mlamu wanga ali ndi kagalimoto kake, ndipo ndi munthu wosachedwa kupsa mtima. Tsiku lina tinatsekeredwa kumbuyo kwa phiri lotere pa chitunda. Analiza hutala mpaka chala kuwawa, kenako anatsitsa galasi.

"Madala! Msewu wonsewu mwagula?"

Mawu anachokera kuseri kwa matumba, odekha ngati a mlaliki: "Bwana, madzulo ano magetsi akazima, nsima muphikira hutalayo?"

Mlamu anakhala chete. Tinayenda mamita angapo. Kenako anatsitsanso galasi, mawu atasintha: "Thumba lalikululo mukuchita bwanji?"

Anagulana pomwepo, pakati pa msewu, magalimoto ena khumi akuliza mahutala kumbuyo kwathu. Mlamu anatulutsa mutu n'kuwakalipira kuti anthu a masiku ano alibe kudekha.

Lamulo la zankhalango analikhwimitsa mu 2020, ndipo kuwotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chilolezo ndi mlandu. Apa m'pamene ndinaonera chozizwitsa. Njinga imene imalephera kupatuka chikhato chimodzi kuti ambulansi idutse, ikangomva kuti a zankhalango ali kutsogolo, imakhota ngati gwape, kulumpha ngalande, kulowa m'kanjira ka pakati pa nyumba koti ngakhale mbuzi imadutsa chammbali. Tonse ogula makala timaima n'kumaombera m'manja chamumtima, kenako n'kupita kukadandaula kuti phiri la Ndirande lameta mpala.

* * *

Lamlungu m'mawa kumatuluka mtundu wina wa apanjinga, ochokera ku Namiwawa ndi ku Sunnyside. Zovala zothina ngati anabadwa nazo, magalasi akuda, chipewa chonga theka la dzungu, kabotolo ka madzi pa felemu, njinga yopepuka yoti mtengo wake mutha kugulira poloti ku Machinjiri. Awa amayenda awiriawiri mogundana mapewa, akukamba za mitengo ya dola, ndipo hutala samaimva.

Mmodzi wa iwo anapezana ndi wamakala pa chitunda, onse awiri akupuma mwawefuwefu.

"Bwana, mwanyamula chiyani?"

"Palibe. Ndikungolimbitsa thupi, adokotala anati ndichepetse mimba."

"Ndiye mukupita kuti?"

"Palibe. Ndikafika pamwambapo ndibwerera."

Wamakala anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Bwerani mundikankhireko kuno. Mimbayo itha lero lomwe, ndipo sindikulipiritsani."

* * *

Ku Limbe funso lakuti njira ya oyenda pansi ndi ya yani linayankhidwa kalekale. Mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika, kunabwera Operation Dongosolo, mavenda n'kuchotsedwa m'misewu. Kwa kanthawi tinadabwa kuona kuti makonde a masitolo ali ndi simenti pansi. Lero dongosolo lilipo ndithu, koma ndi lina: pakhonde pali kaunjika ndi anyezi, oyenda pansi ali mumsewu, minibasi ili theka mumsewu theka pakhonde, ndipo njinga imadutsa paliponse pamene patsala mpata wokwana chigongono.

Kumeneko ndinaona bambo atamanga malata asanu ndi atatu pa njinga, m'litali, akutuluka kutsogolo ndi kumbuyo ngati lupanga. Kunsonga anamangirirako kajumbo kofiira, kusonyeza kuti malamulo amawadziwa. Atafika pokhota pafupi ndi msika, anthu onse a mbali imeneyo anagwada pansi nthawi imodzi ngati kwalowa mfumu yaikulu. Agogo ena amene sanamve chenjezo anangoona duku lawo likupita ku Bangwe pamwamba pa malata.

Belu labwino kuposa onse ndinalimva konko. Mnyamata anamanga nkhumba yamoyo pa kaliyala, miyendo m'mwamba. Sanafunikire kunena "tsii" ngakhale kamodzi. Nkhumbayo inkalira kuchokera kumsika mpaka kudepoti, ndipo njira inkatseguka yokha, ngakhale makondakitala ankapatuka. Ambulansi za m'tauni muno zikanaphunzirapo kanthu.

* * *

Usiku ndiye kumakhala zina. Njinga yakuda, mwini wake wavala jekete lakuda, magetsi a mumsewu anazima chaka chimene palibe akukumbuka. Ochenjera amamangirira CD yakale kumbuyo kwa chishalo kuti iziphethira galimoto ikawalitsa, ndipo imagwira ntchito kuposa mmene inkaimbira. Ena amaluma foni pakamwa, tochi ili choyaka. Mukamupatsa moni sangayankhe, akayankha mdima.

Ndinafunsa wokonza njinga wina pansi pa mtengo ku Zingwangwa kuti kodi madayinamo aja anapita kuti, aja ankakhuza tayala n'kumalira ngati njuchi. Anati, "Anatha ndi Kamkwamba." Ankanena William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene anatenga njinga ya bambo ake ndi dayinamo n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi, mpaka nkhani yake kukhala buku ndi kanema. "Chiyambire pamenepo," anatero mkuluyo akumata chigamba chachisanu ndi chiwiri pa chubu chimodzi, "aliyense akusunga dayinamo yake kunyumba, akuti mwina mwana adzatchuka."

Malume anga a ku Chilomoni anaona nyali imodzi ikubwera usiku. Anati iyi ndi njinga yamoto, ndingopatuka pang'ono. Inali lole ya diso limodzi. Anapulumukira m'ngalande, ndipo mpaka lero akaona nyali imodzi, ngakhale ya koloboyi m'nyumba, amayamba ayang'ana kumene kuli ngalande.

* * *

Za akabaza a njinga zamoto ndilankhule mosamala, chifukwa mawa m'mawa ndikwera. Ku Mzuzu kabaza wakapalasa ankamutcha sakaramento, kwina amati zobanduka, koma mapiri a Blantyre anachititsa kuti kuno yamoto ilande ufumu msanga. Mnyamata amaphunzira Loweruka pa bwalo la mpira, kuzungulira magolo kawiri, Lamlungu n'kupita kukathokoza kutchalitchi, Lolemba ali pa siteji: "Tiyeni bigi, tibanduke!"

Chipewa chodzitetezera amakhala nacho ndithu. Chimakhala pa chigongono, kapena pa handulo, kapena pamwamba pa thanki. Chigongono cha wakabaza ndi chiwalo chotetezedwa kwambiri m'Malawi muno. Wina woona mtima anapereka chipewa kwa mayi wina wopita ku ukwati. Mayiyo anagwira tsitsi lake lomangidwa dzulo lake, n'kuyang'ana chipewa chija ngati amupatsa mphika wa nyemba. "Achimwene, mukudziwa ndalama zapita pamutu pano?" Wakabaza anati, "Anti, nanga mutuwo munagula zingati?" Anatsika n'kukwera ina.

Okwera njinga ina ndinawawerenga pa Kameza: woyendetsa wakhala pa thanki, kumbuyo kwake bambo, mayi, mwana pakati, wina kumsana, ndi mbuzi yopingasa pamiyendo. Mbuzi yokha ndi imene inkaoneka kuti ikudziwa kuopsa kwa ulendowo.

Apa kuseka kumandithera pang'ono. Madokotala a mafupa ku chipatala cha Queens akhala akudandaula poyera kuti mabedi awo akudzaza ndi anthu a ngozi za njinga zamoto, ambiri achinyamata, ena oyenda pansi amene sanakwere n'komwe. A Road Traffic ndi apolisi amalengeza kawirikawiri za ziphaso, kulembetsa njinga ndi zipewa. Akagwiragwira sabata imodzi, misewu imadzaza ndi zipewa zobwerekana, sabata yotsatira zonse zabwerera pa chigongono.

Komatu ndiulule tchimo langa. Ndikakhala pansi, wakabaza ndi chigawenga. Ndikakhala m'galimoto ya mlamu, wakabaza ndi udzudzu. Koma tsiku limene ndachedwa ku ntchito, mzere wa magalimoto wayambira pa Chichiri mpaka ku Ginnery Corner, ndimakhala kumbuyo kwake n'kumamunong'oneza ngati Satana m'chipululu: "Lowani apa, aise. Kwerani pakhondepo. Lobotiyo yangofiira kumene, sinafiiritse." Tsiku lina mnyamata wina anaima n'kutembenuka: "Madala, si inu munanditukwana dzana pa zebula pompano?" Ndinati mwina ndi mng'ono wanga, timafanana kwambiri.

* * *

Agogo anga aamuna anabwera ndi njinga ya Humber kuchokera ku Joni, nthawi imene amuna ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, dzina limene latsalira pa depoti ya mabasi ija. Ulendo wa Wenela anauimitsa Kamuzu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi anthu athu obwerera kumudzi, koma Hamba ya agogo inakhalapobe zaka zambiri. Inali ndi belu, galasi loonera kumbuyo, pampu yake pa felemu, ndi kansanza kake kopukutira kamene sikankagwira ntchito ina iliyonse. Mvula ikagwa, agogo ankanyowa, njinga ili m'nyumba. Akakumana ndi apongozi ankatsika patali, kuvula chipewa, n'kukankha mpaka atadutsana. Ankatsikanso podutsa pabwalo la mfumu. Kunena zoona, njingayo ankaikankha kwambiri kuposa kuikwera, ndipo sinagundepo ngakhale nkhuku.

Mwa ulemu wonse uja chatsala ndi chimodzi: masamba. Mukaona nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa msewu m'makwalala a Ndirande, Mbayani kapena Chilobwe, mumadziwa kuti pali maliro. Pamenepo wakapalasa amatsika n'kukankha. Wa njinga yamoto amachepetsa moto, wa minibasi amatseka wailesi, chipewa chimachoka kumutu. Palibe wapolisi, palibe loboti, palibe chikwangwani cha boma, koma aliyense amamvera. M'dziko muno zinthu zimene zinaimitsapo msewu wonse popanda mkangano ndi ziwiri basi: mdipiti wa Kamuzu popita ku Sanjika, ndi nthambi ya mango.

Mkulu wina wa m'dera lathu anaiganizira nkhaniyi mozama. Njinga zamoto zinkathamanga kwambiri pakhomo pake, pamene adzukulu ake amasewera. Anakumba kamtunda, anyamata n'kukasalaza usiku. Anaika miyala, inabedwa ndi omanga maziko. Tsiku lina m'mawa anathyola nthambi n'kuziyala uku ndi uku.

Zinatheka bwino kwambiri kwa maola awiri. Njinga zonse zinkadutsa ngati zikuyenda pa mazira. Kenako kunafika amayi a mpingo atavala zoyera, nyimbo ili pakamwa. Ena anabwera ndi ufa m'mabeseni, ena nkhuni. Anyamata anayamba kutulutsa mipando m'nyumba, adzukulu okumba manda n'kumafunsa kuti makasu akatenge kuti. Mayi wina wa nyumba yachitatu anayamba kulira ali patali, kutchula ubwino wonse wa malemu, mpaka anafika pakhonde n'kupeza malemuwo atakhala pampando akumwa tiyi ndi chinangwa.

Mlandu unakathera kwa amfumu. Mkulu uja analipa nkhuku ziwiri chifukwa choitana imfa m'mudzi, ndi ina yachitatu chifukwa amayi a ufa anakana kubwerera nawo. Potuluka pabwalo anandinong'oneza kuti sakudandaula kwenikweni: zabwino zimene anamva za iye mwini m'mawa umenewo, mkazi wake sanamuuzepo pa zaka 40.

* * *

Mafuta atasowa kumapeto kwa 2024, magalimoto atagona m'mizere pa mafilingi siteshoni ndipo mtengo wa minibasi ukusintha m'mawa ndi madzulo, ndinabwereka njinga kwa mnansi wanga. Ndinalumbira kuti ine ndiye ndionetsa chitsanzo: kumanzere nthawi zonse, kuima pa loboti, mkono kutulutsa pokhota, moni kwa oyenda pansi.

Tsiku loyamba ndinaima pa loboti yofiira, minibasi n'kundinyambita chigongono, kondakitala n'kundifunsa ngati ndikudikira kalata. Ndinatulutsa mkono kuti ndikhote, venda wina n'kundiikamo paketi ya mtedza. Ndinafunafuna kanjira ka njinga m'mbali mwa msewu, koma pamene ndinkayesa kuti ndi kanjira panali galimoto yoimikidwa, kenako dzenje lopanda chivundikiro, kenako wowotcha chimanga. Pofika Lachitatu ndinali nditakwera pakhonde. Lachinayi, pa mtsetse wa kwathu, ndinafinya mabuleki onse awiri ndipo handulo inangondiyankha kuti kwee. Kutsogolo kunali bambo wina wachikulire, kajumbo kali m'manja, akuyenda mwaulemu pakati penipeni pa njira. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu amene sindinawaphunzire kulikonse: "Tsii! Tsii! Kulibe!"

Lachisanu ndinapita kwa wosoka nsapato pansi pa mtengo, nsapato ya kumanja ili m'manja, chidendene chitadyeka mpaka sokosi kuonekera. Anaitembenuza, n'kuinunkhiza, n'kutola chidutswa cha tayala lakale la galimoto.

"Madala, tiike chidendene choyendera, kapena cha buleki?"